Dzungu Lobiriwira m'Dimba la Che Sudi

Achimwene anga Che Sudi sanagulitsepo dzungu lathunthu. Ngakhale mubwere pagalimoto, ngakhale mugwade, iwo ankalidula inu mukuona, n'kukokota nthanga zonse ndi supuni, kenako n'kukupatsani zipande zanu. Nthanga zobzala ankazitsekera m'sutukesi, zotsala ankazikazinga okha pachiwaya kuti ngakhale khoswe ataba zisakamere kwa eni. Anthu a kuno ku Samanga ankawaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma chifukwa chake ndinkachidziwa.

Nthangazo anabwera nazo bambo athu kuchokera ku Machinga, atazisokerera mumpendero wa jekete, pobwera kudzathyola tiyi kuno ku Honde. Ife tinabadwira m'komboni ya esiteti, kwawo kwa bambo sitinapondeko, ndipo mpaka lero ukayambana ndi munthu pamsika mawu ake oyamba ndi akuti mubhurandaya, kutanthauza kuti ndiwe mlendo wobwera. Chathuchathu chinali dzungu limeneli, chimdzungu chonyamula amuna awiri, khungu lake lofiirira ngati papaya wakupsa.

Atapuma ntchito ku nazale ya tiyi, achimwene anapeza kamalo kumunsi kwa khwawa n'kutchinga dimba. Mmenemo munalibe wothyola nkhwani kapena chiluwe. Madzulo ankamanga ndi luzi la nthochi maluwa oti atseguka mawa lake. M'mawa akachoka ku swala, mapemphero a ku mzikiti, ankamasula, n'kutenga duwa lachimuna, n'kupukutira mungu wake pa lachikazi, lija lokhala ndi kadzungu kunsi, kenako n'kumanganso kuti njuchi isalowemo. Ine ndinkawauza kuti maukwati amene amanga m'dimbamo aposa a ashehe, iwo osaseka.

Pakhomo tinalipo atatu: achimwene, ine Asima amene ndinabwerera kwathu mwamuna wanga atamwalira, ndi mpongozi wathu Chenesai, mkazi wa Khalid, mwana wa achimwene. Khalid ankagwira ntchito ku Joni ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Chenesai anali Mndau wa ku Gaza, ku Chipinge. Anasiya tchalitchi cha makolo ake, navala mpango, naphunzira swala, abale ake akung'ung'udza. Pantchito anali wolimba, koma ankaseka msanga, ndipo ine munthu woseka msanga ndimamuyang'ana kawiri.

Ndiye kuseri kwa mpanda wathu kunabwera Madzibaba Johane, mpositoli wa mutu wa mpala ndi ndevu zofika pachifuwa, amene makolo ake anachokera ku Milanje wa ku Mozambiki. Anabwera ndi ming'oma ya njuchi, ndi maungu akeake, akulu ndithu koma obiriwira ngati msana wa chule. Mkazi wake ankathyola chiluwe chonse m'mawa uliwonse kukagulitsa, moti achimwene akasuzumira ankangopukusa mutu.

Chaka chimenecho, maungu ali pamaluwa, achimwene anagonekedwa m'chipatala ndi chophukacho. Anakhalako nthawi yaitali chifukwa bala linkachedwa kupola. Chenesai ndiye ankawapititsira chakudya, atakwera njinga yamoto ya Believe, mwana wa Johane, amene ntchito yake inali yonyamula anthu. Kiyi wa sutukesi anali ndi Chenesai yemweyo, poti mmenemo ndi mmene munali zovala ndi khadi la kuchipatala. Maluwa panalibe womanga. Komabe maungu anabereka ofiirira monga mwa nthawi zonse, ndipo achimwene atatuluka anasankha lalikulu n'kusunga nthanga zake.

Zinthu zinavuta chaka chotsatira. Tsiku lina ndikuchapa ndinamva achimwene akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinawapeza atagwira mpanda, kukamwa yasa. M'munda wa Johane, pakati pa maungu ake achule aja, munali atatambalala maungu ofiirira, akuluakulu, ofanana ndi athu ngati mapasa.

"Chishamiso, Che Sudi, chozizwitsa!" anatero Johane, mano onse pamtunda. "Mwari vandipawo, Mulungu wandipatsa nanenso. Ine ndinabzala mhodzi dzangu zomwe zija."

"Nthanga zanu zimabereka chule," anatero achimwene. "Izi mwazitenga kuti?"

"Aiwa, musandinene wakuba. Mwina ndi nyuchi. Nyuchi ilibe mpanda."

"Njuchi? Njuchi zanu zimadziwa njira imodzi yokha? Zinatenga kufiira kwanga n'kubwera nako kwanu, nanga kubiriwira kwanu bwanji sizinabwere nako kwanga? Taonani dimba langa. Muli lobiriwira ngakhale limodzi?"

Munalibe. Ine ndinati mumtima, apa ndiye Johane wagwidwa.

Funso linatsala n'lakuti wamupatsa ndani. Sutukesi sinathyoledwe. Ine kiyi sindinaugwirepo. Pamenepo mutu wanga unayamba kutolera tinthu timene ndinkangotiona osatisamala: tsiku lija Chenesai anabwera dzuwa litalowa n'kunena kuti tayala linaphulika, tsiku lija anatsika panjinga akuseka mpaka kugwira m'mimba, ndi botolo la uchi limene anabwera nalo n'kuti mai a Believe atumizira odwala. Uchi waulere? Kwa anthu amene amagulitsa ngakhale maluwa a maungu?

Sindinali ndekha. Pamjigo nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo inali itachoka kale pa nthanga. Amayi ankafunsana kuti mkazi wa mwini angapatse mnyamata chuma cha apongozi ake chifukwa chiyani, mwamuna wake ali kutali. Ine ndikafika ankangoti zii, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Achimwene sanachedwe. Lachisanu atachoka ku mzikiti anabwera ndi ashehe ndi akuluakulu ena, nawakhazika pakhonde. Anthu oyandikana nafe anadzaza pabwalo osaitanidwa. Chenesai anagwada pakhomo, manja ali pamaondo.

"Mwana uyu ndinamupatsa kiyi ndili pabedi," anatero achimwene. "Lero dzungu la bambo anga lili m'munda wa mpositoli. Anene yekha chimene mnyamata uja anamupatsa."

"Handina kutora, baba, sindinatenge," anatero Chenesai. "Chitini cha nthanga ndinachiona, koma sindinachitsegule. Believe ndinkamulipira ngati wina aliyense. Ndipatseni Korani ndigwire."

Ashehe anati buku la Mulungu sililumbiriridwa pankhani ya maungu. Chenesai anatembenukira kwa ine, azakhali amene kwawo amati tete. "Tete, inu mumandidziwa." Ine ndinayang'ana dimba lija, lofiirira lokhalokha kuyambira kumtunda mpaka kukhwawa, ndipo ndinati maso alibe bodza. Achimwene anamuimbira Khalid, foni ili pakati pa mphasa kuti onse amve, ndipo iye anangoti Chenesai ayambe wapita kwawo, nkhani adzaiona akabwera. M'mawa mwake Chenesai anasesa bwalo lonse, natunga madzi, nanyamula chikwama chake. Sanalire, ndipo kusalirako ine ndinakuyesa umboni wina.

Johane anasiya kutipatsa moni. Believe anasamukira ku Mutare chifukwa cha zala zomuloza. Achimwene anakweza mpanda ndi minga, ndipo chaka chimenecho duwa lililonse anali atalimanga okha, moti nthanga zimene anasunga anati ndi zoyera ngati madzi akumwa. Kiyi anaumangirira m'chiuno.

Pa Khirisimasi Khalid anabwera. Anamvera za bambo ake, anamvera za pamjigo, anamvera za anzake kumagolosale, n'kutumiza talaka, mawu osudzula mkazi, pafoni kwa mlongo wake wa Chenesai. Ashehe anatifotokozera kuti poti ndi talaka yoyamba, pali eda, miyezi itatu yodikira. Akagwirizana isanathe, banja lilipo. Ikatha, latha. Khalid anabwerera ku Joni atawonda, osatsanzika bwino, ndipo ine zinandipweteka chifukwa mwanayo ndinamubereka kumbuyo ndine.

Mwezi wa Febuluwale, maungu atayamba kukula, ndinaona chinthu. Ndinkadutsa m'dimba popita kukhwawa, ndipo pamene dzulo panali dzungu laling'ono, lero panali phesi lokha, lodulidwa bwinobwino ndi mpeni. Pusi sayenda ndi mpeni. Mawa lake linasowa lina, mkuja linanso.

Ndinapsa mtima. Ndinaima pampanda n'kulalata mokweza kuti anthu ena amavala zoyera Loweruka, masiku enawo manja ali bii. Mkazi wa Johane anandiyankha m'Chishona mawu amene sindingawabwereze. Ndinakaikira ana opita kusukulu. Ndinakaikira mlonda wa paesiteti amene ankadutsa ndi chikwama chotupa. Ndinafika poganiza kuti mwina Chenesai watuma munthu kuti atikhaulitse.

"Achimwene, akutibera," ndinawauza. "Tiitane anthu."

"Asiye," anatero, maso ali pambale.

"Ndiwasiye? Inu, amene mumakazinga nthanga kuopa khoswe?"

"Ndati asiye, Asima. Ndi maungu chabe."

Mawu amenewa ndi amene anandiimitsa mutu. Kuyambira ndili mwana sindinamvepo achimwene akunena kuti maungu chabe. Ndinayamba kuwayang'ana iwowo. Chakudya ankangochitola. Ku mzikiti ankapita mochedwa n'kubwerako msanga. Khasu limene ndinkalisiya loyera madzulo, m'mawa ndinkalipeza ndi dothi lonyowa.

Tsiku lina nkhuku zinafukula padzenje la manyowa kuseri kwa nthochi. Nditapita kukaziingitsa ndinaona chinthu chobulungira chitatulukira. Ndinakumba ndi manja. Linali dzungu lobiriwira, lalikulu ngati mutu wa munthu, ndipo pansi pake panali ena, ena atayamba kuola. Ndinati basi, mpositoli uja watikwiririra mankhwala. Koma nditalitembenuza ndinaona pansonga pake kaluzi ka nthochi, komangidwa mfundo ziwiri, mamangidwe a achimwene.

M'mawa mwake sindinapite kukatunga madzi. Ndinakhala kuseri kwa nthochi mpaka ndinawaona akubwera kuchokera ku swala, kofia ili kumutu. Anayenda m'mizere akukweza masamba ndi ndodo. Pamzere wakumapeto anawerama, natulutsa mpeni.

"Lekani!" ndinatero.

Anadzidzimuka mpaka mpeni unagwa. Dzungu linali pamapazi awo, lobiriwira, lili pachiyangayanga chake, chomera m'dimba lathu.

"Ichi n'chiyani, achimwene? Wabzala ndani?"

Anakhala pansi pamzere, munthu wamkulu, nkhanzu yoyera ili m'matope. "Ndabzala ndine," anatero. "Nthanga zochokera m'sutukesi, kiyi ali m'chiuno mwanga. Duwa la mayi wake ndinamanga ndine chaka chatha."

"Ndiye chule walowa bwanji?"

"Analowa kale, chaka chija ndinali m'chipatala." Anatola mpeni n'kuupukuta pabondo. "Ku nazale tiyi tinkabzala wodula, osati njere, chifukwa njere imabisa za makolo ake. Zimenezi ndinkazidziwa, koma sindinaziganize. Kufiira kumaphimba kubiriwira. Njuchi zinapita ndi mungu wanga kwa Johane, kumene mkazi wake anali atathyola maluwa achimuna onse. Dzungu la chaka chimenecho silisintha, chimasintha ndi nthanga ya m'kati. Johane atabzala, kufiira kunaonekera pompo. Njuchi zomwezo zinabwera ndi mungu wake kwanga, koma kubiriwira kunangobisala pansi pa kufiira. Chaka chatha ndinakwatitsa maluwa apachibale, uku kobisa, uku kobisa. Pamene kwakumana konsekonse ndi pamene patuluka ichi. Si ziyangayanga zonse, ndi apa ndi apo."

"Ndiye njuchi zinkadziwa njira zonse ziwiri."

Anavomera ndi mutu.

"Munazindikira liti?"

"Loyamba litangoyamba kuda khungu."

Ndinalira ndi ukali. Ndinawauza kuti mwana wa eni ali ku Gaza ndi dzina la uhule, mwana wawo akuwonda ku Joni, eda ikutha, iwo ali kalikiliki kukumba manda a maungu. Ndinawafunsa ngati Mulungu amene amamugwadira m'mawa uliwonse saona kuseri kwa nthochi.

"Ndinanena pamaso pa anthu, Asima," anatero motsitsa. "Pamaso pa ashehe. Ndevu zanga zayera. Ndikaimenso pakhonde lomwe lija ndinene kuti ndinanamizira mpongozi?"

"Mukaima, ndipo muyambira ku Gaza."

Ndinamuimbira Khalid pomwepo. Ndinamuuza za dzungu lobiriwira lija. Kenako anati, "Tete, mawu anali a baba. Akawabweza okha, Chenesai akavomera, ine ndimubwerera lero lomwe." Ndinamva kuti akulira.

Zinanditengera masiku kuti achimwene avomere ulendo. Ndinakana kuwaphikira, ndinawaopseza kuti ndikaika dzungulo pakhomo la mzikiti Lachisanu. Mmene ankati tiyeni, eda inali itatsala sabata imodzi. Tinanyamuka m'mamawa, dzungu lobiriwira lili m'thumba la feteleza, kombi, minibasi ya kuno, mpaka Mutare, basi mpaka Chipinge. Njira yonse anali atakumbatira thumbalo pamiyendo, osayang'ana ngakhale minda ya tiyi imene masiku ena akanaipezera zifukwa.

Titatsika padepoti anakhala pabenchi. "Miyendo yatupa," anatero. "Iwe tsogola ukaone kaye mmene zilili. Ine ndipume."

Ndinawayang'ana. Miyendo yake inali yomwe ija yoyenda m'mizere tsiku lonse. Koma kukangana ndi munthu wamkulu pakati pa makondakitala sindikanatha, choncho ndinakwera kombi ya ku Gaza ndekha.

Nyumba za ku Gaza n'zothinana, ukatsokomola wa khomo lina amati pepani. Chenesai ndinamupeza pakhonde la mlongo wake akuluka tsitsi la mayi wina, amayi enanso ali pamzere. Anali atavalabe mpango. Ndinayembekeza kuti adzakhala atauvula kalekale, ndipo kuuona kunandibaya mumtima. Anaimirira, naomba m'manja, nandipatsa mpando ndi madzi. Kuseka kuja kunalibe.

Ndinamufotokozera zonse chapansipansi, za njuchi, za kufiira kophimba kubiriwira, za dzenje la manyowa. Anamvetsera manja ake akulukabe.

"Saka dzungu lalankhula, mwakhulupirira," anatero. "Ine ndinalankhula ndi pakamwa, tete, ndili chogwada."

Kenako anaponya maso kumsewu.

"Baba ali kuti?"

"Ali padepoti. Miyendo yawavuta."

"Paranki pomwepa?" Anamanga nsonga ya tsitsi n'kudula ulusi ndi mano. "Ine ndinachoka kuno mpaka ku Honde chifukwa cha banja lanu. Ndinasiya chechi, amai vangu sanandilankhule chaka chathunthu. Kuchoka paranki kufika pano ndi kombi imodzi. Khalid ndimamufuna, sindibisa, mpango uwu mukuuona. Koma amayi ali apawa onse anamva kuti ndinathamangitsidwa chifukwa cha mwamuna. Baba abwere anene pano, iwo akumva, kuti handina kuba, sindinabe. Sindifuna mbuzi, sindifuna kuti agwade. Mawu okha. Akanena, mawa ndikwera nanu bhazi."

Ndinawaimbira achimwene, foni inangoitana. Ndinaimbanso. Chenesai anandiphikira tiyi, ndipo tinakhala pakhondepo. Kombi iliyonse ikaima pamphambano manja ake ankaleka kuluka, n'kuyang'ana otsika, kenako n'kupitiriza. Mayi amene ankalukidwayo anafika podandaula kuti akumukoka. Dzuwa litapendeka ndinati ndikawatenge ndekha.

"Ndikudikira, tete," anatero, ndipo anatulutsa mpando wina n'kuupukuta.

Ndinawapeza pabenchi pomwe paja, thumba lili pakati pa miyendo, foni ili m'manja.

"Wati chiyani?" anafunsa.

"Wati mubwere munene kuti sanabe. Basi. Mpando wakuikirani kale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira, nakonza kofia, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

"Pali anthu?" anafunsa.

Ndikanatha kunama. Koma mabodza anali atakwana, ndipo ndinati alipo, amayi a mumsewu wonse.

Kumbuyo kwathu basi yomaliza ya ku Mutare inaliza hutala, kondakitala akumenya chitseko. Kutsogolo kombi ya ku Gaza inali kudikira anthu awiri kuti idzaze. Ndinawagwira dzanja. "Achimwene, ndi mwana wanu. Ndi mawu amodzi okha, sanabe."

Anachotsa dzanja langa mofatsa, nanyamula thumba lija paphewa, munthu wa miyendo yotupa, n'kulunjika kubasi. Ndinawatchula dzina lawo lenileni, Sudi, limene sindinawatchulepo chibadwire, anthu onse padepoti n'kutembenuka. Iwo okha sanacheuke.

Ine basi imeneyo sindinakwere. Ndinakwera kombi, ndipo itaima pamphambano ya ku Gaza ndinamuona Chenesai ataimirira pakhonde, dzanja lili pachipumi, akuwerenga otsika. Ndinatsika ine, kenako mnyamata wa thumba la makala, kenako kondakitala anatseka chitseko. Anayang'anabe mpaka kombi inatembenuka. Atatero anakweza manja, namasula mpango, naupinda bwinobwino, n'kudzandipatsa.

"Mukam'patse Khalid," anatero. "Mugona pano, tete, kwada."